Zigubu Ziwiri, Matanthwe Awiri

Ndinanyamuka kwathu, kuseri kwa Nsaru, Lachisanu mame asanakamuke, nditanyamula zigubu ziwiri za dizilo. Mpingo ndi umene unandituma. Pamalo amene tinkamanga tchalitchi chatsopano panali thanthwe lotumphuka ngati msana wa ng'ombe. Tinaliwotcha ndi nkhuni, tinalithira madzi, amuna anathyolerapo mipini, koma ilo lili phee. Kenaka kontirakitala wina wa ku Mpingu, amene anakwatira mumpingo mwathu, anatibwereka katapila wake wa matayala, wokhala ndi nyundo yoswera miyala kumbuyo. Anati ndi tsiku limodzi lokha, ndipo mafuta tione tokha. Chinali chaka chija cha mavuto a mafuta. Zigubu ziwirizo zinapezeka alembi a mpingo atagona pamzere m'tauni mpaka kudwala chifuwa, ndipo kwina kokapeza kunalibe.

Ponditsanzika, mayi akunyumba anati, "Abambo, kumeneko mukapemphedwa kupemphera mukafupikitseko, eti? Dizilo amauluka." N'zoona kuti ndikatseka maso sindifulumira kuwatsegula, koma si nkhani yokumbutsa munthu ali paulendo.

Pa Nsaru ndinakwera matola, kapikapu kodzaza matumba a mtedza. Kondakitala anandiuza makwacha mazana anayi, n'kuloza zigubu zija.

"Madala, ana anuwa alipira ngati akuluakulu."

Dalaivala atamva fungo anatulutsa mutu pawindo. "Tigaireniko pang'ono, madala, mukwera ulere."

"Ndi a Ambuye awa," ndinatero.

"Nafenso ndife a Ambuye!"

Ndinalipira, n'kukhala pa chigubu chimodzi, chinacho nditachikumbatira.

Ku Mpingu ndinafika dzuwa litakwera. Ndinadya zitumbuwa ndi thobwa pansi pa mtengo, kenaka ndinakapeza woyendetsa katapila uja, a Daisoni, bambo wamfupi wa chipewa chodetsedwa ndi oyilo. Anathira zigubu zonse ziwiri m'thanki, n'kundionetsa nyundo ija. Anati injini imakankha oyilo m'mapaipi, oyiloyo n'kumanyamula chitsulo cholemera m'kati mwa nyundomo, chomwe chimagwera pa tchizulo yosongoka kunsi.

"Kugunda kulikonse ndi dizilo, bambo mkulu," anatero. "Chigubu chimodzi n'cha msewu, chinacho n'cha mwala wanu. Mwala umodzi, osati iwiri."

Tinauyamba wobwerera, ine nditadzipanikiza pambali pa mpando wawo. Katapila sathamanga. Bambo wina wa njinga, atamangirira mbuzi pakaliyala, anatipitirira, n'kutifunsa ngati tili ndi uthenga woti akatisiyire kutsogolo.

Dzuwa litapendeka pang'ono, pafupi ndi esiteti ina ya fodya, tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. A Daisoni anavula chipewa n'kuchepetsa liwiro, ngakhale panalibe liwiro loti n'kuchepetsa. Pomwepo m'tchire munatuluka adzukulu, mapazi ali dothi lokhalokha, n'kuima kutsogolo kwathu. Wamkulu wawo anawomba m'manja.

"Akuluakulu, mwatumidwa ndi Mulungu."

"Tatumidwa ndi mpingo," ndinayankha mwachangu, poti ndinali nditaona kale kumene nkhani ikulowera.

Anafotokoza kuti wamwalira ndi mayi wina, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo njira yotengera thupi kwawo panalibe. Malo a manda amene anapatsidwa anali a miyala. Anali atakumba pawiri, ndipo ponseponse anakumana ndi thanthwe dzenje lisanafike m'chiuno. Anthu kusiwa ankangoimba nyimbo zomwezo mobwereza.

A Daisoni anandiyang'ana, n'kuyang'ana singano ya mafuta. Ine ndinaganiza za chifuwa cha alembi. Kenaka ndinakumbuka anthu awiri aja amene analambalala munthu wovulala panjira ya ku Yeriko. Nawonso anali a kukachisi, ndipo mwina nawonso anali atatumidwa.

"Khotani," ndinatero.

Kumanda adzukulu onse anasanduka akapitawo. "Pakati! Imenyeni pamchombo!" A Daisoni anapukusa mutu. Anati ukayamba pakati umangopera fumbi, tchizulo n'kutentha, mafuta n'kumapita. Iwo anaimika tchizuloyo chilili m'mphepete mwa mwala, n'kuikanikiza mpaka matayala akumbuyo ananyamuka pang'ono. Gu-gu-gu-gu, n'kuleka. Akasuntha pang'ono, gu-gu-gu, n'kulekanso. Mwala ukangong'aluka ankasiya pomwepo, ati nyundo yomenya mphepo imamwa chimodzimodzi ndi yomenya mwala. Posakhalitsa adzukulu anali m'dzenje kutaya zidutswa.

Ndinati tsopano tizipita, koma wamkulu uja anakana. "Wokumba manda ndi mdzukulu, bambo, sachoka chimanjamanja." Anatisambitsa m'manja, n'kutsukanso tchizulo ija monga amachitira ndi makasu awo. Kenaka anabwera ndi tambala wamoyo.

"Uyu si wanu ayi. Ndi wa katapila, poti wakumba kuposa tonsefe."

Mwamuna wa malemu anabwera n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Tinafika kutchalitchi cha m'ma folo koloko, singano itagona pofiira, tambala akulira kumapazi kwanga. Mpingo wonse unali pomwepo, makwaya atafola. Alembi anasuzumira singano ija, n'kunditembenukira. Ndinawauza zonse. Anakhosomola nthawi yaitali, sindikudziwa ngati chinali chifuwa chokha.

A Daisoni anakana kuzimitsa injini, ati poilizanso ingamwe kotsalako. Koma kwathu ntchito siyamba popanda pemphero, ndipo alembi, mwina pofuna kundilanga, anati, "Atitsogolere ndi a mkulu omwewa."

Ndinatseka maso, injini ikulira kumbuyo kwanga. "Atate, singanoyo mukuiona nokha. Ameni."

Amayi ena anali asanamalize n'kugwada komwe. Mayi akunyumba anatsegula diso limodzi kuti aone ngati ndakomoka.

Nyundo itayamba, akuluakulu anzanga anafuula kuti imenye pakati. Ndinadzidzimuka ndikuthamanga uku ndi uku ngati mlaliki wa pamsika: "M'mbali, abale! Yambani m'mbali!" A Daisoni analidya thanthwe lija pang'onopang'ono kuchokera kumene kudzakhale khomo, amayi akututa zidutswa ndi nyimbo. Dzuwa likufiira, injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Panatsala chibenthu chimodzi chofika m'maondo, kutsogolo kwenikweni.

Tonse tinachizungulira. Alembi anayeza ndi mapazi kuchokera pamaziko, n'kukanda mutu. "Apatu m'pamene tinati padzakhale guwa."

Katapila anagona patchalitchi mpaka Lolemba, pamene mwini wake anabwera ndi mafuta ake akudandaula. Tinamupatsa tambala uja.

Guwa lathu lero lili pa chibenthu chimenecho. Ndikaimapo ndimakumbuka manja a bambo wa ku Phalombe uja, ndiponso kuti mphamvu zochepa zimakwanira munthu akadziwa pomenya ndi polekera. Ndikaiwala za polekerazo, mayi akunyumba, ali pabenchi lachiwiri, amangogogoda ndi chala: gu-gu-gu.