A Bogumił ndi Bakha wa Pachikwangwani

Amuna anga, a Bogumił Wrzosek, anapha nsomba panyanja ya Szczecin zaka makumi atatu ndi zisanu osalabadira bakha aliyense. Akakodwa m'maukonde mwawo, ankangomutaya uku akutukwana. Bondo litayamba kuwavuta n'kusiya bwato, ndinati tsopano tipuma. Koma mwana wathu Danuta anawagulira magalasi oonera patali, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Kuyambira pamenepo nkhani m'nyumba inali ogorzałka basi, abakha omira aja amene amabwera zikwizikwi kuchokera kumpoto nyengo yozizira, kudzadya nkhono za pansi pa madzi. Ine ndinabadwira konkuno, ndipo kwa ine bakha ndi bakha.

"Wiesia, tamvera," ankatero ine ndikusenda mbatata. "Wamphongo mutu ndi wakuda, dzuwa likawomba umabiriwira. M'nthiti moyera, diso lachikasu. Koma chachikulu ndi msana, wotuwa ngati phulusa. Ukaona msana wakuda ndi katsumba kunkhongo, ameneyo ndi wina, czernica."

"Nanga msuzi wake umasiyana?"

"Mutu wako uli mumphika," ankayankha choncho, n'kuyambiranso pachiyambi.

Chaka china akhonsolo anaimika chikwangwani padoko, chosonyeza alendo mbalame za kuno. Tsiku lomwelo a Bogumił analowa m'nyumba osavula n'chipewa chomwe.

"Alemba ogorzałka, koma ajambula czernica. Tsumba lili poonekera."

"Ndiye wafa ndani?" ndinafunsa.

Analemba makalata anayi, osayankhidwa. Atapita okha ku ofesi, anawauza kuti woona za zikwangwani ali patchuthi. Basi anayamba kuima pachikwangwanipo Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, kukonza maganizo a aliyense wodutsa, ngakhale Ajeremani osamva mawu awo ndi amodzi omwe. Kusitolo anthu anayamba kunditchula mayi Bakha.

M'nyengo yozizira yachitatu, m'mawa wina wa Januwale, ndinapeza mpeni wanga wodulira buledi palibe. Penti yotuwa imene ndinagulira chitseko nayonso palibe. Ndisanamalize kufufuza, foni inalira. Anali mayi Sobczak, wapolisi wa m'mudzi mwathu.

"Mayi Wrzosek, dzatengeni bambowa. Akundiphunzitsa za abakha ola lathunthu, ntchito yanga yaima."

Ndinadzera padoko kuti ndione ndekha. Tsumba la bakha wa pachikwangwani uja anali atalipala ndi mpeni, mpaka theka la mutu kupita nalo limodzi. Msana anaupaka penti, koma pentiyo inayenderera n'kuuma mizeremizere. Chinatsalapo chinali ngati mbatata yokhala ndi mlomo.

Kupolisi ndinawapeza atakhala mwaulemu, manja onse ali mbuu, akumwa tiyi.

"Mdala inu, mulibe manyazi? Mpeni wanga uli kuti?"

"Atenga ngati umboni," anayankha monyadira. "Wiesia, mayiwa tsopano akudziwa kusiyanitsa. Tawafunsa."

"Msana wotuwa, wopanda tsumba," anatero mayi Sobczak atagwira mutu. "Chonde atengeni."

Apolisi anangowachenjeza. Chikwangwanicho anachizula, ndipo pofika Epulo, abakha onse atabwerera kwawo, akhonsolo anaimika chatsopano, chithunzi chili cholondola. Ndinawaperekeza kukachiona nditavala jekete langa labwino, ndikuti nkhaniyi yatha. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wamkazi palibe," anatero. "Wofiirira uja, woyera kuzungulira mlomo ngati wapisa mu ufa. Anthu amuzindikira bwanji?"

Ndinawasiya pomwepo n'kubwerera ndekha.

Pano ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, ndipo makalata ayambiranso. Asodzi anzawo akale amathawa akawaona, chifukwa amawavutitsa kuti asatchere maukonde kumene abakha amadyera. Awiri anamvera, mwina pofuna mtendere. M'mawa uliwonse a Bogumił amaiwala magolovesi patebulo, ndipo ndine ndimawalondola nawo kudoko, mphepo ikundimenya kumaso. Ndikafika sanena n'zikomo yemwe. Amangondipatsa magalasi aja kuti ndiyang'ane, ine n'kumayang'ana.