Apongozi pa Benchi Yakutsogolo

Ophunzira ake, ambiri a iwo akuluakulu a ndevu zawo, amamutcha Mayi Bwerezani. Amaphunzitsa kulankhula Chingerezi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya telala, momwe muli mabenchi ogwedera ndi fani yosazungulira. Pokonza munthu sayang'ana nkhope. Lilime likangopotoka amakudula pomwepo: "Iyayi, bwerezani!" Madalaivala ndi operekera zakudya m'mahotela adutsa m'manja mwake, kutuluka akudandaula koma akulankhula.

Ndiye tsiku lina kunalowa apongozi ake aamuna, chipewa chili m'manja, n'kukhala pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi dalaivala wina. Mdzukulu wawo wobadwira kunja, mwana wa mlamu wa mayiyu, anali pafupi kubwera kutchuthi, ndipo kamtsikanako kamangodziwa Chingerezi basi. Pafoni agogowo ankangoti "eya, eya" mpaka mwana kutopa.

Mayi Bwerezani zinamuvuta. Bambo obereka mwamuna wako, kuwadula pakamwa pagulu? Abale inu! Apongozi akaimirira n'kuyamba kusakaniza mawu ngati zovala zam'dengu, iye ankangomwetulira.

"Mwakhoza, bambo."

Bodza lamkunkhuniza. Kunyumba chakudya sichinkamulowa. Akawakonza, awachititsa manyazi. Akawasiya, mdzukulu adzabwera n'kubwerera osamvana ndi agogo ake.

Tsiku lina anthu atatuluka, apongozi anatsalira, akupotokola chipewa chawo. Mayiyu mtima unangoti phwii: basi, akusiya sukulu.

"Mwananga," anatero apongozi, "ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga bwanji dalaivala uja mumamukonza mpaka thukuta, ine ayi? Makutu ndili nawo, ndimadzimva ndekha kuti ndikuphonya. Mwaona kuti nkhalamba singaphunzire, eti?"

Mayiyu anapumira m'mwamba, kenako n'kuseka, misozi ili lengelenge. Katundu yense amene anamusenza masabata onsewo anatsika.

"Ndimaopa, bambo."

"Muzikaopa kunyumba. Muno ndine mwana wasukulu."

Kuyambira pamenepo anawagwira zolimba, mpaka dalaivala uja kuwamvera chisoni.

Mdzukulu atafika, mayiyu anali kukhitchini akutsuka makapu, khutu lili pabalaza. Apongozi ankasimba m'Chingerezi chawo chotsimphina mmene bambo a mwanayo ankathawira tambala ali aang'ono, kabudula ali m'manja. Zolakwika zinalipo ndithu, iye anazimva zonse. Koma kamtsikanako kanaseka mpaka kutsamwa, n'kufunsa kuti tambalayo anatha bwanji. Agogo anamva funsolo popanda womasulira, ndipo anayankha.