Tailosi ya Bambo

Mwana wanga wandibweretsera mphatso, tailosi yapakhoma yojambulidwa mabwinja a Zimbabwe. Nditaigwira, kuzizira kwake kwandibwezera ku Kambuzuma, komwe ndinakulira, nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu.

Bambo ankawotcha matailosi kufakitale ku Willowvale. Fumbi litawalowa m'chifuwa, abwana anawachotsa ntchito n'kuwapatsa tailosi imodzi yonyezimira, ya ngolo za azungu oyamba kulowa m'dziko lino. Mayi anaitembenuza n'kukhazikapo pulaimasi yophikira. Ine ndinkaitenga mobisa, n'kumaipukuta ndi malovu, poyesa ndi mphoto.

"Bambo," ndinafunsa tsiku lina, "mukadwala kwambiri akupatsani inanso?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawabanikitsa. Mayi anangotuluka panja.

Mvula isanagwe Bambo tinawaika m'manda. Mwana wangayu ndamuthokoza, koma yakeyi sindiipachika, chifukwa ndikaiona ndikumva kuseka kuja.