Thabwa limene ndinaliyanika padzuwa

Inu owerenga, ine ntchito ndi pogona zinandithera tsiku limodzi chifukwa cha thabwa, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndikufotokozereni, mwina wina angapulumukirepo.

Munali m'zaka za m'ma 1990 pamene ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina wachikulire ku Germiston, ku Joni. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, momwe ndinkakhala ndi mayi a kunyumba ndi khanda lathu la miyezi iwiri. Mapepala ndinalibe. Kunja kwa mpanda umenewo tinalibe kolowera.

M'galaja mwa abwanawo munali bafa lakale lodzaza madzi, ndipo m'madzimo munali thabwa lakuda bii, lotalika ngati mkono wanga. Anandiuza kuti linachoka pa chombo cha matanga chonyamula tirigu, chimene chinamira kalekale m'nyanja ina ya ku America, ya madzi opanda mchere ngati yathu. Agogo awo anamira nacho, mtembo osapezeka. Patapita zaka zambirimbiri, anthu osambira pansi pa nyanja anachipeza chombocho chili chilili, poti madzi ozizira kwambiri sawoletsa matabwa. Achibale anawatumizira chidutswacho chili chinyowere, ndipo zilembo zinayi za dzina la chombocho zinkaoneka bwinobwino.

Popita kutchuthi cha Khirisimasi, anandilangiza kawiri konse kuti thabwalo lisatuluke m'madzi. Ndinavomera, koma mumtima ndinkaseka. Bambo anga anali kalipentala, ine ndinakulira m'utuchi. Munthu wa mu ofesi angandiuze chiyani za matabwa? Madzi atayamba kununkha, ndinati ndiwachitire zabwino abwanawa. Ndinalivuula, kulitsuka, n'kuliyanika pa kapinga. Mayi a kunyumba anandiletsa, ine ndinawauza kuti aziyang'ana za mwana.

Tsiku lachitatu ndinalipeza litapindika, ming'alu paliponse. Nditaligwira linayamba kunyenyeka ngati chigumu chouma, zilembo zija n'kumathothoka m'manja mwanga. Ndinalibwezera m'bafa msangamsanga, koma linangoyandama. Ndinayesa guluu, sizinathandize. Masabata awiri amene anatsala kuti abwana abwere chakudya sichinkalowa, ndipo galimoto ikaima pageti ndinkathamangira kukasuzumira. Ndikayang'ana mwana ali gone, ndinkadzifunsa kuti ndikamugoneka kuti. Pomaliza ndinachita choipitsitsa: ndinalitembenuza thabwalo kuti mbali ya zilembo iyang'ane pansi, n'kulipsinja ndi njerwa kuti limire.

Abwana atabwera anandifunsa ngati zonse zili bwino. Ndinati inde. M'mawa mwake anandiitanira kugalaja. Ndinawapeza atagwada pambali pa bafa, malaya atanyowa, akusisita thabwalo ndi zala kufunafuna zilembo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa kapena kuitaniridwa apolisi. Iwo anangolankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Agogo anga alibe manda. Manda awo linali thabwa limeneli."

Kenako ananyamula njerwa ija n'kundipatsa m'manja. Anati kuumitsa thabwa akanandikhululukira, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikuthandiza, koma munthu woika njerwa ija sangamusiyirenso makiyi a nyumba. Tsiku lomwelo tinatuluka ndi zikwama ziwiri. Tinayenda mpaka pokwerera mateksi, mayi a kunyumba mwana ali kumsana. Miyezi itatu tinagona pansi pabalaza pa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu.

Abale anga, chinthu cha mwini mukauzidwa kasungidwe kake, sungani momwemo, ngakhale mutaona ngati n'zopusa. Simudziwa chimene chinthucho chili kwa mwiniwake. Ndipo mukalakwitsa, nenani nokha asanakufunseni. Ntchito ndinapeza ina, pogona tinapeza. Koma ndikapita kumudzi n'kukalambula pamanda a bambo anga, ndimakumbukira mkulu uja atagwada pambali pa bafa. Ine ndili ndi pokalirira makolo anga. Iye ndinamulanda.