Ndadzuka Pang'ono

Kwathu ku Ntcheu munthu akati "ndadzuka pang'ono", umasiya khasu n'kuthamangira komweko, chifukwa zavuta. Ku Cape Town mawu amenewo anatidyera miyezi.

Amuna anga ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Noordhoek. Zinayamba ndi kukhuta msanga, kabuledi kochepa basi mimba yadzaza. Kenako chilungulira, kenako ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali kuti thalauza lisagwe. Kukiliniki nesi akawafunsa m'Chingerezi ngati m'mimba mukupweteka kwambiri, iwo ankangotembenuza za kwathu zija n'kuyankha kuti pang'ono. Nesi ankamva pang'ono weniweni, n'kuwapatsa mankhwala a zilonda za m'mimba.

Azimayi a kutchalitchi anali atagamula kale mlandu. Munthu kuwonda chonchija, ati ndi kachilombo, ndipo maso ankatembenukira kwa ine. Tinakayezetsa, tilibe. Pakamwa pawo sipanatsekeke.

Tsiku lomwe anasanza magazi pa kapinga wa abwana, ndinasiya mbale mu sinki kulesitilanti komwe ndinkagwira ntchito ku Sea Point n'kupita nawo kuchipatala. Dokotala atafunsa, bambo aja anayambanso pang'ono wawoyo. Ndinawadula pakamwa.

"Bambo, ulemu wanuwo ukukuphani. Adokotala, munthuyu sagona, amachita kuluma pilo."

Anawalowetsa kapaipi ka kamera kukamwa mpaka m'chifu n'kubudulamo kanyama kokayeza. Koyamba kanangoonetsa kutupa. Anabwerezanso, nabudula mozama. Podikira zotsatira ndinkakwiyira aliyense, ndi Mulungu yemwe, sindibisa.

Kenako dokotala wachizimayi anatikhazika pansi. Anati ndi limfoma, khansa ya maselo oteteza thupi. Ambiri imawatulukira ngati mwanabele m'khosi kapena m'khwapa, koma iyi inamera m'chifu, ndipo yamtunduwu iwo saiona kawirikawiri. Inali itafika kale m'matumbo. Ndinafunsa ngati zikanatheka tikanabwera msanga. Amuna anga ndiwo anandiyankha, m'Chichewa, maso ali pansi.

"Ndinkabweratu, mayi."

Tinagwirizana kuti amayi awo kumudzi tisawauze kaye, mtima wawo ndi wofooka. Lamlungu m'mawa apongozi anga aja anaimba foni.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Ndinawakodola amuna anga ndi dzanja kuti anene kuti bwino. Koma lilime linapita kumene linazolowera.

"Pang'ono, amayi."

Apongozi aja sanafunse kuti n'chiyani, sanafunse za chipatala. Anangoyamba kulira, kulira kwa pamaliro, mwana wawo ali moyo pambali panga, foni ili kukhutu.