Mlonda Wolekezera pa Khumi ndi Ziwiri

A Vasant Gokhale anakalambira mu kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya nsalu mumzinda wa Pune, akulemba mapulogalamu a kompyuta. Pambali pa ntchitoyo ankasamala nkhokwe ya pa intaneti ya zida zopangira mapulogalamu imene olemba mapulogalamu anzawo, ngakhale a kutsidya kwa nyanja, ankatapamo mwaulere.

Chida chimodzi m'nkhokwemo ndicho chinawameretsa imvi. Ntchito yake inali kulandira zinthu zingapo, kaya dzina, tsiku kapena nambala, n'kuzimanga mtolo umodzi. Tsono pali kapulogalamu kena kamene kamayendera zolemba za pulogalamu zisanayambe kugwira ntchito, kuonetsetsa kuti pamalo pa nambala sipanalowe dzina. A Gokhale ankakatcha mlonda. Mlondayu anali wouma mutu. Ankafuna kuuzidwa padera za mtolo wa zinthu ziwiri, padera wa zitatu, padera wa zinayi. A Gokhale analemba malangizowo limodzilimodzi mpaka khumi ndi ziwiri. Kupyola apo, mlonda ankangotsinzina, chilichonse n'kumadutsa.

Atayesa kuwonjezera malangizowo, makompyuta a anthu anayamba kuyenda ngati nkhono, madandaulo n'kugwa ngati mvula. Atachotsa, ena anakalipa kuti wawamana.

"Achimwene, mlonda wanuyu analekeza sukulu kalasi yanji?" ankawaseka choncho a Imtiaz Shaikh, mnzawo wa tebulo loyandikana, akumwa tiyi wa pamsewu.

"Inu sekani. Mukadzaposa khumi ndi ziwiri musadzandilirire."

Amene anadzalira anali a kampani ina yogulitsa mankhwala. Anaika zinthu khumi ndi zinayi mu mtolo umodzi, tsiku n'kusinthana malo ndi kuchuluka kwa mapilitsi, mlonda osatsokomola n'komwe. Makatoni anapita olakwika. Mkulu wawo analemba poyera pa intaneti kuti chidacho ndi msampha, wochipanga ndi mbuli. Chenjezo linalipo ndithu m'malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka chidacho, koma ndani amawerenga?

Kuyambira pamenepo a Gokhale anasanduka munthu wachete. Loweruka ndi Lamlungu ankakhala pakhonde ndi kompyuta pamiyendo, kufunafuna njira yoti mlonda azindikire mtolo wa kukula kulikonse.

"Bambo a Ketaki, chapati chazizira," ankatero akazi awo, a Sulabha. "Anthu osawadziwawo ndiwo adzakuikeni m'manda?"

"Ndatsala pang'ono, mayi."

Sanatsale pang'ono. Vuto silinali m'mutu mwawo, linali m'chinenero cholembera mapulogalamuwo, chimene chinalibe mawu onenera chinthu chotero. Ukwati wa mdzukulu wa mlongo wawo unawadutsa. Maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo atapuma ntchito anasiyira a Imtiaz nkhokwe yonse.

Patapita zaka, eni chinenerocho anawonjezera mawu ankasowawo. A Imtiaz anabwera kunyumba masana ena atanyamula maswiti, koma nthabwala anazisiya kuchipata.

"Achimwene, zatheka. Mizere yanu yonse ya malangizo a mlonda ija tafufuta. Mizere inayi yokha yakwanira."

A Gokhale anapempha kuti awawerengere, poti zilembo sankaziona bwino. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Bwerezani," anatero.

A Imtiaz anabwereza.

"N'zokongola," anatero a Gokhale. Kenaka anafunsa ngati alipo amene walembapo kanthu za mizere yakaleyo. A Imtiaz anayang'ana a Sulabha, a Sulabha n'kulowa kukhitchini kukatereka madzi.