Chala cha Amayi Oswa Nsawa

Ku Chiparamba kuli amayi ena achikulire amene aliyense amawadziwa pa kuswa nsawa zambewu. Makina amaphwanya njere, koma iwo ankangotsina ndi chala chachikulu, khoko n'kuti phwa, njere n'kutuluka yamtunthu. Mawu awo ndi amodzi: "Mbewu sifuna phuma."

Chaka chatha nyamakazi inawagwira patsinde pa chalacho. Kuchipatala, kumene ankayesa njira zochepetsera ululu wotere, anawaveka chomangira cholimba, n'kuwauza kuti chala chipume mpaka adzachionenso.

Mvula itayandikira, mnansi wawo Tamiwe anafika, mwana kumsana, lichero lodzaza nsawa pamutu. Chomangiracho anachiona ndithu, koma anayang'ana kumbali.

"Amama, kalichero kamodzi kokha aka."

"Nanga udzale zophwanyika ine ndilipo? Tula apa, mwanawe," anatero akumasula chomangira chija.

Nsawazo zinamera zonse. Koma lero amayiwo satha kutsina ngakhale mchere, ndipo amene amawamangira chitenje m'mawa ndi Tamiwe. Iwo amafunsa akumwetulira, "Mbewu yathu ikuti bwanji kumunda?" Tamiwe amangolimbitsa mfundo, maso ali pansi.